PA KHONDE: Mphwanga, Masamu a Usiku ndi Nchito Yosapezeka

Mlungu uno ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwanga mwenimweni. Ndinayamba ndapempha cilolezo kwa eni ake, ndipo anandilola kuti ndiilembe malinga ndisachule maina. Ndaona kuti n'koyenera kuilemba cifukwa cimene cacitika pa khomo la mlongo wanga cikucitikanso pa makomo ena ambiri kuno kum'mawa, kuyambira ku Nyimba kukafika ku Lundazi.

M'mwezi wa January, nthawi ya kupalira, mlongo wanga ananditumira uthenga wakuti ndifike msanga kumudzi, kufupi ndi Katete. Ndinayesa kuti kwagwa matenda. Nditafika ndinapeza onse ali moyo, koma nkhope ya mlongo wanga inali yakugwa. Atandipatsa mpando ndi madzi akumwa, anayamba kudandaula.

"Alongo, mphwanu uyu wandithetsa nzeru. Ng'ombe ziwiri zija zinapita cifukwa ca sukulu yake. Lero wabwerera wopanda nchito, ndipo usiku wonse nyale ya sola ili ciyakire, iye maso ali pa foni ndi pa makope. Kukaca apita kumunda ali kusinza. Anthu ayamba kunong'ona kuti kapena ndi njuga ya mpira ija yatha ana a eni. Mulankhule naye ndinu, pakuti mwini mbumba ndinu."

Mphwangayo anaphunzira za makompyuta pa koleji ina mu Lusaka, ndipo nchito yake ndi yolemba mapulogalamu. Pulogalamu ndiwo mndandanda wa malangizo amene munthu amalembera kompyuta kuti icite cakuti. Pamene mutumiza ndalama pa foni, mwanu zicoka ndipo kwa mnzanu zifika, kumbuyo kwake kuli malangizo otere amene wina anakhala pansi nalemba. Mnyamatayu anagwira nchito imeneyi caka cimodzi ndi theka pa kampani ina yaing'ono. Pangano lake litatha sanamlembenso. Anakhala m'tauni miyezi isanu akuponya makalata uku ndi uku, kufikira ndalama ya lendi inatha, ndipo anakwera basi kubwerera kwa amake.

ZIMENE NDINAPEZA M'MAKOPE

Madzulo ndinamuitana pansi pa mtengo wa mango ndi kumuuza kuti abwere ndi makope akewo. Ine ndinagwira coko zaka zambiri, cotero zolemba za mwana wa sukulu ndimazizindikira. Munalibe maina a matimu a mpira m'makopemo. Munali masamu okhaokha, kuyambira a Grade 10, tsamba ndi tsamba, ena okhatidwa ndi kuwerengedwanso kawiri kapena katatu.

Ndinamfunsa kuti, "Kodi iwe mphwanga, munthu wa mapepala a ku koleji, wabwereranso bwanji ku masamu a ana?"

Iye anati, "Atsibweni, ndi manyazi anandibweza. Kampani ina inandiitana kukandiyesa. Ndinawaonetsa kapulogalamu kamene ndinapanga, koneneratu makasitomala amene angalephere kubweza ngongole. Kanagwira bwino ndithu. Koma mkulu wina anandifunsa kuti n'cifukwa ciani kakukana munthu uyu ndi kulola uyo, ndiponso kuti kakalakwa ndidzadziwa bwanji. Ndinangoti kakasi. Zipangizo zonse ndinazitenga zopangidwa kale pa intaneti, ndinangozilumikiza. Za m'kati mwake sindinazidziwe. Ndinali ngati woyendetsa thirakitala amene sanatsegulepo injini."

Cimene mnyamatayu akudziphunzitsa Azungu amacichula kuti machine learning, ndiko kunena kuphunzitsa makina. Popeza mau amenewa amveka kawirikawiri pa wailesi masiku ano, ndiyesa kufotokoza monga momwe iye anandifotokozera, pamodzi ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake.

KUPHUNZITSA MAKINA

Kale lonse, munthu akafuna kuti kompyuta icite kanthu ankailembera lamulo lililonse. Koma pali nchito zina zimene malamulo ake sitingathe kuwalemba. Mai aliyense amadziwa mbuzi zake pakati pa mbuzi za mudzi wonse, koma mumfunse kuti alembe malamulo ozidziwira, adzasowa poyambira. Anazidziwa cifukwa ca kuziona masiku onse. Tsono akatswiri anati, m'malo molembera makina malamulo, tiyeni tiwaonetse zitsanzo zambirimbiri kuti apeze okha lamulo.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'caka ca 1959 Arthur Samuel, wa pa kampani ya IBM ku America, analemba za pulogalamu yake yosewera drafuti, masewera omwe aja anyamata amasewera ndi zitsekero za mabotolo pa sitolo. Pulogalamuyo inkasewera yokha ndi yokha kambirimbiri, nisunga mayendedwe amene anaipambanitsa, kufikira inayamba kugonjetsa mwini wake amene anailemba.

Nanga masamu alowa pati? Tiyerekeze mlimi amene amalemba zokolola za munda wake. Manambala awa ndi ongoyerekezera cabe. Caka coyamba anathira matumba 2 a feteleza nakolola matumba 20 a cimanga. Caka caciwiri anathira 4 nakolola 32. Caka cacitatu anathira 6 nakolola 44. Mukayang'anitsitsa muona kuti thumba lililonse la feteleza likuonjezera matumba 6 a cimanga, ndi kuti popanda feteleza konse mundawo ukanapatsa matumba 8. Lamulo lapezeka. Akadzathira matumba 5 tingayembekezere matumba 38.

Makina sapenya monga tapenyera ife. Amayamba ndi kungolota. Tinene kuti alota kuti thumba limodzi lionjezera matumba 3. Awerengera caka coyamba napeza 14, pamene mlimi anakolola 20. Aperewera ndi 6. Akweza pang'ono nambala ija, nayesanso, naonanso kuperewera kwake, nakwezanso, kufikira kulakwako kutacepa. Ndi monga mnyamata wophunzira kulasa ndi legeni: mwala ukapita kumanzere kwa candamale, ulendo wotsatira amapendeketsa dzanja pang'ono kumanja. Makina amacita zimenezi kanthawi zikwizikwi osatopa.

Zokolola zenizeni sizitsata mzere woongoka cotere, pakuti mvula, mbeu ndi tizilombo zimasokoneza. Pamenepo pafunika njira yopezera lamulo limene lilakwa pang'ono koposa ena onse. Njira yochuka yocitira zimenezi inasindikizidwa m'caka ca 1805 ndi Mfalansa wina dzina lake Adrien-Marie Legendre, amene ankawerengera njira za nyenyezi za mcira. Njira yomweyo ndiyo phunziro loyamba la aliyense wofuna kuphunzitsa makina lero.

Mphwanga anandionetsa nthambi zitatu za masamu zimene akulimbana nazo. Yoyamba ndi linear algebra, masamu a manambala ondandalikidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika. Kwa kompyuta cithunzi ndi manambala basi. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la mtundu wa mtambo, lililonse kuyambira pa 0 kufika pa 255. Cithunzi ca timadontho 1,000 m'litali ndi 1,000 m'lifupi cili ndi manambala 3,000,000, ndipo pafunika masamu oyendetsa khamu lonselo nthawi imodzi. Yaciwiri ndi calculus, imene imauza makina mbali yoti apendekere ndi mlingo wake, monga dzanja la mnyamata wa legeni uja. Yacitatu ndi masamu a mwai, oyesa kuti cinthu cingacitike kapena ai. Agogo akayang'ana mitambo kumadzulo nati mvula ingagwe koma sikwenikweni, akucita masamu omwewo popanda pepala.

KULOWEZA SI KUDZIWA

Ndinamfunsa kuti, "Tsono ngati zipangizo zilipo kale zopangidwa, ubvutikiranji?"

Anatenga kope nalemba, nati, "Atsibweni, tengani lamulo lija la mlimi, mufunse makina kuti tikathira matumba 100 m'munda womwewo tidzakolola angati. Adzayankha kuti 608, mosakaika konse. Inu mudziwa kuti cimanga cidzangopsa. Makina sanaonepo munda wothiridwa feteleza wocuruka cotero, koma sadziwa kuti sadziwa. Munthu womvetsa masamu ake ndiye amadziwa polekezera pamene makina angakhulupiridwe."

Pali cobvuta cinanso cimene mphunzitsi aliyense acidziwa. Alipo ana amene amaloweza mayankho a mayeso a zaka zapita. Mukawafunsa funso lomwelo akhoza, koma mukasintha nambala imodzi agwa. Makina nawonso amaloweza. Cifukwa cace akatswiri amabisa gawo lina la zitsanzo, naphunzitsa makina ndi zotsalazo, kenaka nawayesa ndi zobisidwa zija. Akakhoza zimene sanazionepo ndiye kuti aphunziradi.

Luso limeneli linakula kwambiri kuyambira m'caka ca 2012. Pa mpikisano wochedwa ImageNet, wozindikira zinthu za mitundu 1,000 m'zithunzi, Geoffrey Hinton wa ku Toronto ndi ophunzira ake awiri anaphunzitsa makina ao ndi zithunzi zoposa 1,200,000, ndipo anasiya kutali anzao onse. Hinton yemweyo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2024.

Wina anganene kuti zimenezo n'za kunja, sizitikhudza ife a khasu. Koma kumbukirani mbozi zija za nchembere zandonda zimene zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa caka ca 2016. Akatswiri a PlantVillage pa Penn State University ku America, mogwirizana ndi mabungwe a zaulimi, anapanga pulogalamu ya pa foni yochedwa Nuru. Mlimi amaloza foni pa tsamba la cinangwa kapena la cimanga, ndipo iyo imazindikira matenda a cinangwa ndi kuononga kwa mbozizo, ngakhale kumalo kopanda intaneti. Inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za masamba zimene akatswiri a mbeu anayamba azisanja, ili lodwala, ili labwino.

Ngakhale cilankhulo cathu calowamo. M'caka ca 2023 akatswiri a pa University of Zambia ndi anzao anatulutsa nkhokwe ya mau ojambulidwa yochedwa Zambezi Voice, m'Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, kuti makina aphunzire kumva zilankhulo zathu. Nchito yotere ifuna anthu odziwa masamu amenenso anayamwa cilankhuloco. Mzungu wa ku California sangatigwirire.

CIFUKWA CIANI NCHITO YABVUTA

Mlongo wanga anali atakhala capatali akusenda nshawa, koma makutu ali kwa ife. Pomwepo analowerera nati, "Zonsezo n'zabwino, Alongo, koma kodi masamu adyedwa? Ngati luso lake ndi lofunika cotero, bwanji sakumlemba?"

Funso limeneli ndi lacilungamo, ndipo liyenera yankho loona. Zaka za mliri wa Covid-19 makampani a makompyuta analemba anthu ambiri, pakuti malonda ndi misonkhano zinasamukira pa intaneti. Mliri utacepa anayamba kucotsa anthu. M'mwezi wa November 2022 kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inalengeza kucotsa anchito 11,000. M'mwezi wa January 2023 Google inalengeza kucotsa 12,000, Microsoft 10,000, ndipo Amazon 18,000. Ambiri a iwo anali akatswiri ozolowera nchito, ndipo anayamba kulimbirana malo ndi ongoyamba kumene, ngakhale pa nchito zija munthu amagwirira kampani ya kunja ali kwao. M'mwezi womwewo wa November 2022 munatuluka ChatGPT, ndipo makina a mtundu umenewo amatha kulemba okha timapulogalamu tosabvuta, nchito imene kale inali poyambira pa acinyamata.

Tsono mwana wanu akabwerera kumudzi cimanjamanja, musathamangire kunena kuti ndi waulesi kapena kuti wina wamlodza. Msika wa luso lake wasintha, monga momwe mtengo wa thonje umagwera popanda kulakwa kwa mlimi. Koma ndinenenso ici mosabisa, kuti acinyamata amve: nchito za kuphunzitsa makina m'dziko lathu si zambiri. Malo ocuruka ndi a mapulogalamu wamba, a m'mabanki, a makampani a mafoni, a m'maofesi a boma ndi a mabungwe. Wodziphunzitsa masamu asayese kuti mawa lomwe adzaitanidwa kukakhala katswiri wamkulu. Masamuwo amuthandiza kuganiza molongosoka, kuyankha mafunso obvuta pomuyesa, ndi kuona pamene makina alakwa. Phindu lake limabwera mocedwa.

PAMENE NDINAMDZUDZULA

Kufikira pamenepa ndinali kumbali ya mphwanga. Koma ndinamfunsa funso limodzi: "Kalata yomaliza yofunsira nchito unaitumiza liti?"

Anawerama, nayamba kutokosa pansi ndi kamtengo. Pambuyo pake anati, "M'mwezi wa November, Atsibweni."

"Miyezi iwiri yathunthu?"

"Ndinafuna ndiyambe ndamaliza calculus. Sindinakonzeke. Ndikapitanso tsopano adzandicititsanso manyazi."

Apa ndi pamene panagona nthenda. Masamu ali ndi kukoma kwake: ukapeza yankho umadziwa kuti wakhoza, ndipo kope silikukana munthu. Kalata yofunsira nchito ndi ina. Utumiza makumi awiri, osayankhidwa ngakhale imodzi, mtima nkumawawa. Mwana uyu anayamba masamu kuti apeze nchito, koma pang'onopang'ono masamuwo anasanduka pobisalira kuti asamvenso ululu wa kukanidwa. Ndipo masamu alibe malire. Ukatha buku ili, lina likudikira. Munthu woyembekezera kuti akonzeke kotheratu adzamera imvi akadali kukonzeka.

Ndinamuuza za Srinivasa Ramanujan wa ku India, amene anabadwa m'caka ca 1887 m'banja losauka. Ali ndi zaka ngati 16 anapeza buku la masamu lolembedwa ndi G. S. Carr, lokhala ndi mfundo zikwi zingapo, ndipo analiphunzira yekha. Masamu anamkomera kotero kuti ananyalanyaza maphunziro ena onse, nataya thandizo la ndalama za sukulu, nalephera mayeso a ku koleji. Anakhala zaka akusauka, akuwerengera pa sileti cifukwa mapepala anali odula, akuyenda khomo ndi khomo kufuna nchito. M'caka ca 1912 analembedwa ukalaliki pa ofesi ya doko la Madras. Inali nchito yaing'ono kwa munthu wa nzeru zotere, koma inamdyetsa iye ndi banja lake, ndipo masamu anapitiriza m'nthawi yake yopuma. M'mwezi wa January 1913 analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge, naikamo zina za zimene anapeza. Analemberanso akatswiri ena awiri kale, koma sanamthandize. Hardy anayankha, ndipo m'caka ca 1914 Ramanujan anapita ku England. Anamwalira m'caka ca 1920 ali ndi zaka 32 zokha, koma zolemba zake akatswiri akali kuzifufuza.

Ndinati kwa mphwanga, "Taona zinthu ziwiri. Munthu uyu sanakane ukalaliki, ndiponso sanaleke kulemba makalata atanyalanyazidwa kawiri. Iwe watengako masamu okha."

Citsanzo cina cili pafupi, kutsidya kwa malire. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi anasiya sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002. Anabwereka mabuku m'kalaibulale ka pafupi ndi kwao, ndipo ndi zitsulo zotola ndi njinga yakale anamanga makina a mphepo opatsa magetsi pa nyumba ya makolo ake. Anthu a kutali anamdziwa cifukwa panali cinthu coimirira cimene maso akanatha kuona. Zimene anawerenga zikanakhala m'mutu mokha, palibe akanabwera.

PANGANO LA PANSI PA MANGO

Mlongo wanga anati, "Ine ndinena kuti asankhe cimodzi. Mapanga awiri abvumbwitsa. Ngati ndi nchito, afune nchito. Ngati yakanika, khasu lilipo."

Mwambiwo ndi woona kwa munthu wothamangathamanga wopanda dongosolo. Koma mlimi amalima cimanga ndi nshawa caka cimodzi, ndipo sabvumbwa, cifukwa ciliconse cili ndi munda wake ndi nthawi yake. Tinakambirana kufikira mdima, ndipo tinapangana zinthu zisanu.

Coyamba, m'mawa ndi wa kumunda. Wakudya nsima ya pa khomo agwire khasu la pa khomo, ndipo nyale izizima nthawi yabwino kuti asapite kumunda ali kusinza.

Caciwiri, masana atatu pa mlungu apalase njinga kupita pa masitolo pamene netiweki imagwira bwino, akatumize makalata osacepera asanu pa mlungu. Asasankhe nchito za kuphunzitsa makina zokha. Iliyonse ya mapulogalamu, ngakhale yaing'ono, ngakhale ya miyezi itatu, afunsire. Alembenso m'kope tsiku, kumene watumiza ndi yankho lake, kuti aone njira imene ikubala.

Cacitatu, masamu akhale a maola awiri madzulo, ndipo akhale ndi malire. Asawerenge buku lonse cifukwa lilipo. Atenge mutu umene akuufuna pa cinthu cimene akupanga, auphunzire, augwiritse nchito, ndiyeno apite pa wina.

Cacinai, apange cinthu cooneka. Kumudziko kuli kopaletivu ya alimi imene mabuku ake a mamembala, a mbeu ndi a ngongole ali m'makope ong'ambika. Mphwanga anabvomera kuwalembera pulogalamu yosunga zonsezi kwaulere. Ikatha imeneyo adzayamba kujambula masamba a nshawa, odwala ndi abwino, mothandizidwa ndi mlangizi wa zaulimi, kuti ayese kuphunzitsa makina kuwasiyanitsa. Zonse adzaziika pa GitHub, malo a pa intaneti pamene olemba mapulogalamu amayanika nchito zao kuti ofuna kulemba anthu azione.

Cacisanu, asakhale yekha. Safunsa anadya phula. Wodziphunzitsa yekha alibe womkhatira zolakwa, ndipo angayende miyezi m'njira yosokera. Mu Lusaka muli BongoHive, malo okumanirapo acinyamata a luso la makompyuta, amene anayamba m'caka ca 2011. Kuli msonkhano wa akatswiri a mu Africa wochedwa Deep Learning Indaba, umene unayambira ku Johannesburg m'caka ca 2017. Kulinso Zindi, kumene makampani ndi mabungwe amaika mabvuto enieni a mu Africa kuti anthu apikisane powathetsa, ndipo wa kumudzi angalowe nawo ali pa khonde la amake. Nchito zambiri zimamveka mwa anthu odziwana zisanalembedwe m'nyuzipepala.

Mlongo wanga, kumbali yake, anabvomera kupereka ndalama ya bando ya intaneti mwezi ndi mwezi kufikira nthawi yokolola. Pamenepo tidzakhalanso pansi kuona pamene zafika.

KWA INU MAKOLO NDI INU ACINYAMATA

Makolo anzanga, mukaona mwana ali pa foni usiku, musaweruze musanafunse. Muuzeni akuonetseni cimene akucita ndi kukufotokozerani m'Cinyanja. Ngati akuphunziradi adzatha kufotokoza, ngakhale movutikira, ndipo padzakhala makope odzaza. Wa njuga alibe kope. Dziwaninso kuti maphunziro ambiri a mtundu umenewu ndi aulere. Sukulu ya MIT ku America inayamba kuika maphunziro ake pa intaneti kwaulere m'caka ca 2002, ndipo m'menemo muli maphunziro a linear algebra a mphunzitsi wochuka Gilbert Strang, amene mphwanga amawatsata. M'caka ca 2011 Andrew Ng wa ku Stanford anatsegulira dziko lonse phunziro lake la kuphunzitsa makina, ndipo analembetsa anthu oposa 100,000. Khan Academy imaphunzitsa masamu kuyambira a ana ang'ono, nayonso kwaulere. Cofunika ndi bando, kope, pensulo ndi kupirira. Mwana akakupemphani ndalama zambiri kuti agule setifiketi ya milungu iwiri imene akuti idzamsandutsa katswiri, yambani mwafunsa kwa aphunzitsi a pafupi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo aliyense wonena kuti tumizani ndalama pa foni kuti tikulembeni nchito ndi mbala, ngakhale kalata yake ikhale ndi cidindo cokongola.

Inu acinyamata, musacite manyazi kubwerera ku buku la Grade 10. Nyumba yomangidwa pa maziko osalimba imang'aluka ikafika pa mawindo. Liu lakuti algebra linacokera ku dzina la buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad ca m'ma 820, ndipo liu lakuti algorithm, limene olemba mapulogalamu amalichula tsiku ndi tsiku, ndi dzina la mkulu yemweyo. Masamu amene mukuwanyoza kuti ndi a ana ndiwo anyamula zonsezi. Awerengeni ndi pensulo m'manja, pakuti kuonerera mphunzitsi pa foni kumanyenga: zonse zimaoneka zosabvuta kufikira utatseka foni ndi kuyesa wekha. Koma musalole kuti kuphunzira kukutsekereni m'nyumba. Tumizani makalata mukadali osakonzeka. Kuyesedwa kulikonse, ngakhale mutalephera, kumakuuzani cimene muyenera kuwerenga mawa.

Mlungu watha mphwanga anandiimbira foni. Pulogalamu ya kopaletivu yayamba kugwira, ngakhale mlembi wao akali kusunga kope lake lakale pambali cifukwa sanaikhulupirire. Makalata amene watumiza ciyambire pangano lathu akwana 34. Ambiri sanayankhidwe, atatu anakanidwa mwaulemu, ndipo kampani imodzi inamuitana kukamuyesa pa foni. Anamfunsanso funso longa lija linamgwetsa poyamba, ndipo akuti ulendo uno anayankha, nacita kupereka citsanzo ca matumba 100 a feteleza. Yankho lao silinabwere. Mwina amlemba, mwina ai. Amake akuti cimanga cayamba ngaiyaye ndipo mzere wake wa kumunda sutsalira.

Ngati pa khomo panu pali nkhani yonga iyi, lemberani Mkonzi, ndipo makalata ena tidzawayankha pa tsamba lino. Tsalani bwino kufikira mlungu wa mawa.